Mpando wa a Twaliki

Anabwera ndi muyeso pa kapepala ka mankhwala,
mwana wawo atawagwira pamkono.
"Mainchesi makumi awiri ndi awiri, amisiri,
usachepere ndi chala chomwe."

Ndimawadziwa a Twaliki.
Anakalambira m'minda ya nzimbe ku Dwangwa
mpaka nyonga ya kumanja inatha ngati mpini wofumbwa.
Madokotala anaikamo yachitsulo.
Anayendanso. Anavina pa ukwati wa Rukiya,
ife n'kumati unyamata wawabwerera.

Kenaka msana.
Mafupa atatu a m'munsi anawalumikiza ndi masikuluwu.
Ululu wotsikira m'mwendo unaleka, inde,
koma chiuno chinaiwala kupendekeka.
Kale akati akhale, msana unkagonjako pang'ono,
chiuno n'kutsatira, nyonga n'kupeza malo.
Tsopano msana uli njo! ngati mtengo wa magetsi,
ntchito yonse yopinda yatsalira chitsulo chija.

Lachisanu lina, mu mzikiti wa pa Linga,
akutsikira pamkeka monga mwa masiku onse,
anangomva khu!
Mwendo unafupika, phazi linayang'ana m'kati,
anzawo anawatulutsa swala isanathe.

Mwana wawo akundilongosolera za adokotala
ine sindinadabwe.
Chitseko cha mahinjesi awiri,
imodzi ikauma ndi dzimbiri,
imene imazuka ndi misomali yomwe ndi inzake yabwinoyo.

Ndasankha mlombwa wouma zaka ziwiri
umene ndinkasungira kabati ya aphunzitsi ena
osatha kulipira.
Miyendo itali, maondo asakwere kuposa chiuno.
Mikono iwiri yokankhira podzuka.
Sindinaike thonje, lingawamize.
Guluu anatha, ndinakongola kwa Chimbalanga,
ndipo adzandikumbutsa mpaka Khirisimasi.

Dzulo anabwera kudzayesa.
Anakhala pang'onopang'ono, ngati munthu wotula dzira,
anayala manja pamaondo,
anaweramitsa mutu wokha.
Anakhala chete mpaka utuchi unadikha.

"Zaka makumi asanu ndi limodzi
chipumi changa chikugunda pansi.
Kodi pamwamba pano Mwini wake andimva?"

Ine wa ku Anglikani, za mu mzikiti ndiziyankha bwanji?
Ndinangoti, "Mwayandikirako ndi mainchesi makumi awiri ndi awiri."

Anaseka atagwira nyonga,
n'kupempha ndichotseko faifi sauzande.
Wakabaza anaumanga chagada ndi mphira,
miyendo inayi kuloza kumwamba,
iwo pambuyo ndi ndodo, kuwerenga mapazi.