Zimene Mita Inandiuza ku Kalimbuka

Anandituma kukayeza nyumba, osati anthu.
Ndinanyamula makwerero, tepi,
ndi kachipangizo konga bokosi la machesi,
n'kukakamangirira pambali pa mita
m'nyumba ya njerwa zootcha ku Kalimbuka,
kumene chifunga chimatsika m'phiri m'mawa
n'kudzakhala pakhonde osaodira.

Masabata asanu ndi limodzi, ndinatero kwa Mai Felesiya,
kenako tidzalemba satifiketi:
ngati dengali limasunga kutentha,
ngati mababu ndi adyera,
ngati mawindo amalowetsa mphepo ya Juni.
Anasayina osawerenga.
Cholembera chinali changa,
ndipo nanenso sindinawawerengere.

Tsopano ndili mu ofesi, chitseko chotseka.
Mzere wobiriwira ukukwera ndi kutsika pakompyuta,
ndipo ine, wophunzira za malata ndi mawaya,
ndikuwerenga kalata ya eni ake.

Folo koloko m'bandakucha, ketulo.
Tsiku lililonse, ndi Lamulungu lomwe.
Lachitatu usiku simbi imayaka maola atatu.
Zovala zochuluka chotere si za banja limodzi,
ndi za anthu ena, ndi ganyu,
ndipo pangano la lendi limaletsa geni pakhomo.

Ndiye pali kamzere kena, kapansipansi, kosatopa,
koyamba naini koloko usiku
n'kumang'ung'udza mpaka kucha.
Ndinafufuza m'buku: makina othandiza kupuma.
Kanayenda masiku makumi awiri ndi atatu.
Pa 14 Juni kanaima hafu pasiti thu.
Magetsi sanazime usiku umenewo, ndafunsa.
Mawa lake mababu onse anayaka mpaka kucha,
ndi lapanja lomwe, masiku awiri.
Aliyense wobadwira kuno amaidziwa
nyumba imene imayaka choncho.

Sanandiuze.
Nditapita kukachotsa kabokosi
anandipatsa mpando, tinadandaula za kuzizira,
za mtengo wa mayunitsi,
ndipo ine ndinayang'ana pansi
ngati munthu amene wasuzumira pawindo la bafa.

Dzulo a Chipojola, eni nyumbayo,
anandipeza kuseri kwa msika, pogulira mbatatesi.
Anatsitsa galasi la galimoto.
"Achimwene, satifiketi ija walipira ndine.
Ndipatseni mapepala onse.
Ndikumva kuti amagonekamo ana a ku Chirunga,
ndikufuna ndidziwe mitu ingati."
Ndinati kompyuta ikuvuta.
Bodza lopanda miyendo,
koma linandifikitsa kunyumba.

Fomu yathu ili ndi mabokosi makumi atatu:
kukula kwa zipinda, kumene khomo linayang'ana,
mtundu wa njerwa, msinkhu wa filiji.
Palibe bokosi lofunsa kuti izi aziona ndani,
zidzagona kuti, zaka zingati,
kiyi wake adzakhala m'thumba la yani
ine akadzandisamutsira ku Mzuzu.
Bwana amati manambala alibe nkhope.
Bwana sanaone hafu pasiti thu.

Khoma timaliyeza ndi tepi,
nanga zimene khoma linamangidwira kubisa?

Ndalemba zimene anandituma:
mayunitsi mazana awiri ndi khumi pamwezi,
denga likufunika siling'i,
windo la kukhitchini silitsekeka,
mababu atatu asinthidwe.
Giledi C. Chidindo. Dzina langa pansi.
Izi a Chipojola akhoza kuzipachika pakhoma.

Zotsalazo, ketulo, simbi, mpweya wa munthu uja,
sindinazitumize.
Mwina andiitana kuti ndikafotokoze.
Ndidzapita ndi fomu yomweyi,
ndidzaloza pamene bokosi likusowa.

Koma poyamba ndikukwera chitunda ichi wapansi,
pepala limene anasayina lili m'thumba la jekete,
fulashi ili m'dzanja, yofunda ndi thukuta.
Mulunguzi akusokosera kumunsi.
Ndikukonza mawu, akundithawa.
Ndikafika ndiodira mokweza,
ndidikira mpaka anene okha kuti lowani,
ndiwawerengera pepalali mzere ndi mzere,
kenako ndiwafunsa
chimene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba lija.