Usiku wa ku Kanengo

Magetsi athima cha m'ma leveni.
Jenereta ya kuseri kwa mpanda yakhosomola kawiri, yaleka.
Kanengo yense wangoti zii,
chikuyenda n'fungo la fodya wa m'mashedi basi.

Ine anandilemba kulondera geti ili:
loko, wezulo, chibonga,
tochi ya mabatire otopa.
Koma lero kumwamba kwasiyidwa kotsegula
ndipo sindikuonako mlonda.

Ndaziona, mwana wanga wa folomu fili,
anatiwerengera pafoni Lamulungu tikusenda mbatata:
akuti anthu anatumiza galasi lagolide
kutali, kupitirira mwezi,
lokatola kuwala kumene kunanyamuka
dziko lino lisanaumbidwe.
Ndinati iwe, kuwala kumachedwa panjira?
Anati eya bambo, kumachedwa
kuposa malipiro anu.
Amake anaseka mpaka kutsamwa.

Tsono ndikuyang'ana Mlalang'amba
utagona chopingasa pamwamba pa nkhokwe zaboma zija.
Mwina ina mwa nyenyezi izi inazima kale,
ife tikungolandira makalata
a munthu amene anaikidwa dzana.
Ngati mawu a mng'ono wanga Gwedeza
amene adakali m'foni muno:
achimwene, ndifika Loweruka, mundichingamire pa depoti.
Zaka zinayi tsopano.
Ndimawatsegula mwezi ukatha,
ndipo nthawi zonse amamveka ngati ali panjira.

Akutinso chombo china chinalondola mwala
woyendayenda m'mlengalenga wopanda kwawo,
chinautapa fumbi losadzaza ndi kapu yomwe
n'kubwera nalo, zaka zisanu ndi ziwiri ulendo umodzi.
Fumbi!
Akanangofika kwathu ku Mgona mwezi wa Okutobala
ndikanawadzazira ndowa ulere,
lina akanapita nalo m'mphuno.
Koma mwana akuti ayi bambo, limenelo ndi lakale kuposa mapiri,
muli timbewu ta zimene zinaumba thupi lathuli.
Ndinangokhala chete.
Abusa ananena zomwezo pamanda a Gwedeza
ndipo sanatume chombo.

Kuzizira kwalowa m'jombo.
Galu wa pa shedi yachitatu wauwa mphepo, wachita manyazi, wagona.
Nsangwe zapendekera kumadzulo.

Apo!
Folo itadutsa, kanyenyezi kosaphethira,
kachokera cha ku Bunda, kakulowera ku Lumbadzi.
Si ndege iyi. Ndege ndimazidziwa,
zimabwera ndi mkokomo ndi tinyali tofiira.
Aka kakungoyenda mwakachetechete ngati namwino wausiku.
Ndaziona akuti mmenemo muli anthu,
amagona atadzimangirira kukhoma kuti asayandame,
dzuwa limawatulukira kakhumi n'kasanu n'kamodzi
ine ndisanalione kawiri.

Ndakweza tochi yanga.
Ndayatsa, ndazimitsa, ndayatsanso.
Alonda anzanga, shifiti ikuyenda bwanji uko?
Kodi nanunso tulo timakuberani cha m'ma fili?
Mukasuzumira pansi muona mdima waukulu pakati pa dziko,
musati kulibe anthu:
ndife, Lilongwe, atithimitsira chabe.

Sanayankhe. Alowa kuseri kwa thanki yamadzi.

Mwana ameneyu akufuna kudzaphunzira za nyenyezi.
Ndawerenga ndalama za fizi pa zala,
zala zatha, fizi isanathe.
Komabe ndani anadziwa kuti fumbi
angalitumire galimoto?

Nthanda yatuluka.
Kenaka phwii! magetsi abwera,
nyali za pampanda zalavula kuyera kwake
ndipo thambo lonse lafufutika
ngati bolodi la m'kalasi aphunzitsi akatuluka.
Lole yoyamba yaliza hutala pageti.

Ndisanatsegule, ndatenga buku la alonda,
bolopeni ndaihemera mpweya kuti ilembe.
Olowa: palibe.
Otuluka: palibe.
Odutsa: mmodzi, cha kumwamba.
Nambala yake sindinaione.