Sipanala Yopanda Chidindo

Pa Lizulu nkhungu sichoka msanga mu Juni.
Imakhala pa boneti ya Pijo ya malemu bambo
ngati nkhuku yofungatira,
ndipo ine ndimayamba ntchito zala zili gwa,
kupala dzimbiri, kupala, kupalabe,
mpaka chitsulo chikumbuke mtundu wake.

Miyezi isanu ndi inayi.
Nyali ndinakazipeza ku Biriwiri.
Chogwirira chitseko chinali ku Tsangano,
mkulu wina akutsekera khola la nkhumba.
Tsiku limene injini inatsokomola n'kudzuka
amayi a kabichi kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki,
anaiwala kubweza chenje.

Kenaka anabwera a Thawale a ku Lilongwe,
nsapato zosadziwa matope.
Utoto anangoupsitira ndi chala.
Anati, tsegula kumbuyo, ndione zida.

Ndinayala thumba la feteleza pansi
n'kutambasula kachikwama ka lona.
Jeke ndi yomwe ija yochokera ku fakitale,
utoto wakuda udakabisala m'makona.
Chomasulira matayala. Pulayasi wa mano okutha.
Chilichonse ankachitembenuza ngati nsomba ya pamsika,
kufuna chidindo,
kufanizira ndi zithunzi za m'foni,
kenaka mutu gwede, gwede.

Pa kathumba kachisanu dzanja linaima.
Nanga ichi?

Sipanala ya nambala khumi ndi zitatu, bwana.
Yakuda bii, khosi lokhota,
kamwa lina lalikulu pang'ono kuposa linzake.
Dzina ilibe.

Yeniyeni inagwera mu Livulezi ine ndisanabadwe,
bambo akumanga nati pamlatho usiku,
kachewere ali tho kumbuyo, tochi ili kukamwa.
Anangomva kuti chubwi.
M'mawa mwake anapita kwa a Zakeyu Kachigamba
osula makasu kuseri kwa chigayo,
iwo n'kudula sipuling'i ya lole yakufa,
mvukuto wa chikopa cha mbuzi uli fuu, fuu,
tupa masiku awiri.
Malipiro anali tambala wofiira.

A Thawale anamvetsera, ndi munthu waulemu.
Nkhani ndi yabwino, anatero,
koma nkhani silowa m'kathumba.
Popanda yeniyeni mtengo utsika.

Mnyamata wowotcha chimanga anandinong'oneza:
dumphani msewu, achimwene,
kuli munthu amadinda chilichonse,
mkango, nambala, ngakhale chaka chimene mukufuna.
Pofika Lachisanu idzakhala ya ku Faransa.
Ndinaseka. Koma usiku ndinaiganizira,
ndisaname.

Yeniyeni ndinakaipeza ku Bembeke,
m'galimoto imene mtengo wa pichesi unamera pakati,
nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala.
Inali m'kathumba kake, yokulungidwabe m'pepala la mafuta,
mbee, ngati dzino la mwana.
Zaka makumi asanu osalumapo nati ndi imodzi yomwe.
Inalowa m'kachikwama kathu kuti tswii,
ngati mwini nyumba wabwera kuchokera ku Joni.

A Thawale anawerenga chidindo kawiri,
anawerenga ndalama kamodzi.
Pijo inatsetsereka kulowera ku Dedza
utsi wake wochepa, waulemu,
ndipo pamene inkagona panatsala
kabwalo kouma ka makona anayi, ndi dontho la oyilo.

Yakuda ija ili m'thumba la ovolosi yanga.
Pamene chala chachikulu cha bambo chinkakhala
chitsulo chinalowa m'kati pang'ono,
ndipo changa chimakwanamo, ngakhale sindinachipemphe.

Pali chimodzi sindinawauze.
Pansi pa kabuleta, kumbali ya injini,
pali nati imene imamasuka yokha pakatha miyezi itatu.
Sipanala yowongoka siifika.
Ndinayesa ndi yoyera ija, ndinasupuka chala.
Khosi lokhotali silinakhote mwangozi.

Nambala yanga ali nayo.
Mvula yoyamba isanagwe foni idzalira,
ndipo ndidzakwera minibasi ya m'mamawa
dzanja lili m'thumba.