Dzina Langa Lili Kumunsi kwa Fayilo

Pulogalamu yonyamula makalatayi sindinaipange ine.
Eni ake ali kutali,
kumene Okutobala ndi mwezi wovala majuzi.
Ine ndimangoimanga phukusi,
monga achitira mayi wa mtedza pa Kamuzu Road:
kusenda, kupeta, kukulunga,
kuti wogula asalimbane ndi makoko.

Anandisiyira Che Bwanali popita ku Joni.
Anati, "Ndi kantchito ka Loweruka lokha."
Bodza lija ndinalitsitsira ndi Fanta.
Chino n'chaka chachinayi.

Usiku uno eni ake atulutsa mtundu watsopano.
Asuntha fayilo imodzi,
imodzi yokha,
kuichotsa m'chipinda momwe inkagona,
ndipo phukusi langa lamasuka
ngati mtolo wa makala pa njinga yodumpha njanji.

Sikirini ikulavula mizere yofiira.
Ndayambanso. Yakana pa mzere wa 412.
Ndayambanso.
Magetsi athima.

Fani yaima pakati pa mpweya wake.
Kutentha kwa Salima kwandivula malaya,
udzudzu wapeza akakolo.
Batire likuti mphindi makumi anayi,
bandulo ikuti undidye monyenyerera.

Alipo akudikira osadziwa kuti akudikira.
Namwino wa ku Khombedza,
kalata yake yopempha magolovesi
yaima pamzere m'mimba mwa seva.
Mlembi wa kalabu ya thonje
akudabwa kuti wogula wakhaliranji chete.
Ndiye pali uyu, wa kudziko lovuta kulitchula,
walemba mawu atatu:
"Sizikugwira. Konzani msanga."
Ngakhale moni.

Ndaziona watulukira pakhomo la kuchipinda,
chitenje pachifuwa, tulo m'mawu:
"Tsiku la maliro anu
adzabwera kudzakumba manda ndi a m'kompyutamo?"
Ndaseka. Iye sanaseke.
Wandisiyira foni yake kuti ndiunikire kiyibodi.

Chigamba changa n'cha mizere isanu ndi iwiri.
Ndikusoka ngati telala wa pakhonde la sitolo,
nsalu ya mwini, ulusi wanga,
ndipo posachedwa eni nsalu adzadulanso mwina,
chigamba n'kugwa.
Ndikudziwa. Ndikusokabe.

Ndadina.
Mizere ikutsika, ikutsika,
yadutsa 412 osacheuka.
Sindikupuma.
Galu wa aneba wauwa kawiri.
Kenaka kamzere komaliza, kopanda ulemu uliwonse,
kangoti zatheka.

Ndadinda ndi kiyi wanga,
ndatumiza batire lili pa atatu.
Kalata yoyesera ndadzilembera ndekha,
mawu amodzi: "Wafika?"
Yazungulira kumene yazungulira
n'kubwera kudzandifunsa funso langa lomwe.

Kutacha palibe wanena kanthu.
Magolovesi apemphedwa, thonje lapeza mtengo,
wa mawu atatu uja wazimirira.
Malipiro a ntchitoyi ndi amenewo:
bata.
Mpope wabwino sautchula pamsonkhano.

Lachitatu kwabwera Asiyatu,
mtsikana wa pa koleji ya ntchito zamanja,
chikwama chake chothothoka zipi.
Wakhala pa kreti, wawerenga chigamba changa
monga wosankha mpunga palichero,
n'kuloza ndi chikhadabo:
"Apa mwasiya chitseko chosakhoma.
Aliyense atha kutumiza zinyalala m'dzina la chipatala."

Ndinakwiya mpaka masana.
Zaka zinayi, kamwana aka!
Madzulo ndinayang'ananso.
Chitseko chinalidi pululu.

Tachikhoma awiri.
Kumunsi kwa fayilo,
kumene sikufika maso a munthu,
kuli dzina la Che Bwanali,
pansi pake langa.
Ndamusunthira kiyibodi.
Walemba lake pang'onopang'ono, ndi zala ziwiri,
wafufuta, walembanso ndi chilembo chachikulu.

Wafunsa ngati ntchitoyi imadya nthawi.
Ndayang'ana kudenga, kumene fani yayambanso kuzungulira.
Ndatuma mwana kukagula Fanta.