Theka la Tsamba

Ndindase anandipatsa theka la tsamba,
pansi pa chithunzi cha timu ya ntchemberembaye.
Akuti: sankha liwu limodzi la Chingelezi,
ulilondole mpaka kwa makolo ake,
magazini ituluka Lachisanu, usatigwire mwendo.

Ndinasankha lomwe limandidzutsa kusanache.

Ku laibulale, m'fungo la mapepala a chinyontho,
buku lonenepa lothothoka chikuto
linandilozera njira:
sukulu tidaibwereka kwa Angelezi,
iwo adaitola m'Chilatini,
Chilatini nacho chidakatapa kwa Agiriki,
ndipo kumeneko, anthuni,
skhole inkatanthauza nthawi yopuma.

Ndinaseka mpaka mayi wa pakauntala
anandisuzumira pamwamba pa magalasi.

Yopuma!
Ine wonyamuka ku Mchengautuwa
chifunga chisanapinde mphasa yake,
masokosi atamwa matope a pamlatho,
akabaza akundipitirira ngati chitsa
poti amadziwa kuti m'thumba muli mphepo.
Ine wogwira cholembera ndi zala zouma ngati makaka,
bambo Msiska akufufuta masamu pabolodi
ndisanakopere mzere wachitatu.
Mgiriki ameneyu abwere,
adzayesere Juni wa kuno atavala siketi yayifupi,
kenako tikambirane.

Ndinalemba choncho, ndime ziwiri zathunthu,
ndikudziwa kuti Fomu 3 yonse igwa nazo chagada.

Pobwerera ndinadzera kudepoti
kwa Fyawupi, msuweni wanga,
yemwe adalekezera Fomu 1 fizi itavuta.
Ankakupiza mbaula ndi chibenthu cha katoni,
mwana kumsana, maso pa minibasi ya ku Ekwendeni.
Ndinamuwerengera zonse, ndi mawu a pasiteji.

Sanaseke.
Anatembenuza chimanga, china, chinanso,
n'kupukuta dzanja pachitenje.
"Agiriki akowo sadaname," anatero.
"Munthu wokhala pampando tsiku lonse,
mvula ikugwera padenga osati pamutu,
n'kumafunsa kumene mawu adachokera,
ukuti akutani ameneyo?"

Wina anaitana chimanga cha handiredi,
iye n'kuthamangira pawindo.
Ndinatsala ndikukupiza moto wake.
Utsi unandilowa m'maso.
Ndati utsi.

Usiku uno magetsi athima ku Mchengautuwa.
Kandulo yatsala chala chimodzi.
Ndime ziwiri zija ndazidula,
ndayambanso pamwamba,
ndipo sindikudziwa ngati Fyawupi akwana
m'theka la tsamba,
pansi pa atsikana khumi ndi awiri
akumwetulira ndi chikho.