Theka ndi Theka

Chipale chagwa ku Łódź kuyambira masana.
Tramu ndaisiya kudepoti, ndakwera masitepe nsapato zikudontha,
ndipo pakompyuta pakundidikira gawo latsopano la gemu
lomwe ndalipira ndi ndalama ya ovataimu:
nyengo zinayi, mvula, maambulera, agalu onyowa.

Ndayatsa. Mayo ine!
Anthu anga onse ametedwa mpala.
Halszka woyandikana naye nyumba waima pakhomo
manja ali tambasu, osaphethira.
Sofa yasanduka bokosi lofiira,
bafa lamira pansi, pangotsala mpopi.
Ndipo bambo, amene ndinawaumba mausiku asanu ndi anayi
ndikuyang'ana kachithunzi ka pachiphaso chawo cha kufakitale,
akuyenda m'khichini opanda nkhope,
kapu ya tiyi ili m'manja.

Przemek akuyasamula pafoni:
Gemu ilibe mlandu, mlongo, ndi zigamba zako zija.
Unasokererapo zingati?
Zikwi ziwiri, ndikuyankha, mwina kuposa.
Tsitsi la mtsikana wina wa ku Recife,
makatani a maluwa ofanana ndi a mayi,
juzi yotuwa yomwe ndinaisaka mwezi wathunthu.
Ndiye gawa pakati, akutero. Theka kunja, yatsa, uone.
Ikakana, gawanso. Ine ndikugona.

Ndagawa. Yakana.
Ndasesa zinyalala zomwe imasunga pokumbukira dzulo.
Ndagawanso. Tsitsi labwerera, bafa ayi.
Tiyi wazizira kawiri.
Mazana asanu. Mazana awiri ndi makumi asanu.
Chitsulo chotenthetsa nyumba chikuti tha, tha, tha,
pansi pamsewu galimoto yothira mchere yadutsa kachitatu.
Ndikupempha chamumtima kuti wolakwa akhale makatani,
akhale sofa, ngakhale juzi imene.

Itakwana folo koloko kwatsala mafayilo awiri.
Imodzi ndi nsalu ya patebulo.
Inayo ndi kanthu kochepetsetsa, kopepuka kuposa chithunzi,
komwe mwini wake anasiya kukakonza zaka zitatu zapitazo.
Ndinakaiwala kuti kalipo.
Ntchito yake inali imodzi yokha:
kuletsa munthu mmodzi kukalamba.

Ndakhala phee, chala chili pa mausi.
M'chipatala muja sanandifunse n'komwe.
Pano akundifunsa: mukutsimikiza?

Ndakatulutsa. Sindinakafufute,
ndangokaika pakona ya sikirini, pafupi ndi ndandanda ya mashifiti.

Gemu yatseguka bwinobwino.
Halszka watsitsa manja, wapita kukagula buledi.
Nkhope ya bambo yabwerera, ndi mphuno yopindika ija,
ndipo pamwamba pa mutu wawo
kawotchi kamene kanaima kale kayamba kuyenda.

Kunja kwa windo lawo kukugwa chipale choyamba.
Avala juzi, atenga fosholo.
Tramu yanga inyamuka faifi koloko,
koma ndiyambe ndawaona
akumaliza kulambula kanjira ka kugeti.