Mizere Isanu, Nsambo Zisanu ndi Imodzi

Zaka makumi atatu ndinkatsitsa makontena padoko la Valparaíso,
kireni inkandimvera ngati galu.
Lero kapepala kamodzi kandiimitsa mutu.

Mayi Leontina Ibacache amakhala pamwamba pa phiri,
masitepe zana ndi makumi anayi kuchokera potsikira basi.
Ndimafika wefuwefu, gitala kumsana,
iwo n'kuyala pepala patebulo la kukhitchini
atakankhira mphaka kumbali.

Ndinawerenga mizere: isanu.
Ndinawerenga nsambo: zisanu ndi imodzi.
"Mayi, apa wina waba mzere."
Anaseka mpaka kuvula magalasi.
"Si nsambo izi, Belisario, ndi makwerero.
Mawu akakwera, kadontho kakweranso."

Kumayambiriro kuli chinthu chopotanapotana
ngati mbedza ya kireni yanga,
chakola mzere wachiwiri. Ameneyo ndi Sol.
Uyu yekha ndinamukhulupirira tsiku loyamba.

Enawo ndi anthu ovuta.
Wamutu woyera, wopanda mwendo, amakhala phee mpaka uwerenge kanayi.
Wakuda amangoponda kamodzi n'kupita.
Amichira amathamanga awiriawiri atagwirana
ngati ana ochedwa kusukulu,
chala changa, chonenepa ndi ntchito, n'kumawatsatira m'mbuyo.
Pali kampanda kotsetsereka kamene kamati sendera pang'ono,
ndikaiwala, mphaka amatuluka.
Timadontho tiwiri kumapeto, ine n'kumati ndamaliza,
kani tikuti bwerera komwe wachokera.

Lachinayi lapitali ndinalumpha kachizindikiro kokhotakhota,
ndinkayesa inki yatayikira.
Pensulo inagogoda tebulo.
"Apo ima."
"Palibe choimba, Mayi."
"N'chifukwa chake analembapo. Chete nayenso amawerengedwa.
Gwira nsambo ndi chikhatho, koma phazi lisaleke."

Ndinagwira. Phazi linagunda pansi kamodzi.
Kumusi sitima inalira, ikutuluka padoko.

Chimwalirireni Hortensia, nyumba yanga ili zii,
miyezi khumi ndi isanu ndi inayi,
ndipo palibe anandiuzapo kuti zimenezi zili ndi chizindikiro,
kuti zili ndi muyeso,
kuti kutsogolo kwake kumakhala kadontho kena.

Pansi penipeni pa pepala pali diso lokhala ndi nsidze imodzi.
Ndinafunsa kuti ili likufuna kangati.
Mayi anatseka buku.
"Ilo siliwerenga. Ukhale mpaka pamene wafunira."

Ndikutsika masitepe tsopano,
nsonga za zala zikuyaka moto,
milomo ikung'ung'udza: modzi, wiri, chete, nayi.